Kaonetsedwe ka filimu ya ogulitsa mankhwala osokoneza bongo kwa achinyamata

Ndili ndi kachipinda ka malata koonetseramo mafilimu kuno ku Kapata, mu mzinda wa Chipata ku Zambia, ndipo Loweruka lina masana ndimaonetsera achinyamata a kutchalitchi kwathu kwaulere. Aphunzitsi ndi atsogoleri a achinyamata amabwera kudzandipempha filimu "yophunzitsa", ija ya anyamata ogulitsa mankhwala m'makomboni a mizinda ya ku America. Ndimawapatsa, koma ndimawauziratu kuti ana akewo akachemerera bosi wa zigawenga, osati wapolisi. Asadabwe.

Ngati nanunso mukufuna kuionetsa, yambani mwaionera nokha mpaka kumapeto, cholembera chili m'manja. Lembani mphindi zimene pali zamaliseche kuti mudzadumphe, komanso pamene bosi wayamba kugwa. Ngati ndi ija yomasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ a ku Malawi, imene imatipeza kudzera pa boda ya Mwami, tcherani khutu kwambiri. Ena mwa iwo ndi akatswiri pa nthabwala, moti munthu akuwomberedwa m'filimu, chipinda chonse chili gwede ndi phwete. Yotere ndi yabwino popangira ndalama Lachisanu usiku, koma pa nkhani iyi ayi. Bola ya Chingelezi, inuyo muzimasulira pang'onopang'ono.

Za malaiti musazitenge mwachibwana. Mafilimu awa amayenda njira imodzi: kwa ola lathunthu mnyamata wosauka akulemera, ndipo maliro ndi ndende zimadza m'mphindi zomalizira. Tsiku lina malaiti anapita bosi atangogula galimoto yake yoyamba, tcheni chagolide chili m'khosi. Anyamata makumi atatu anabwerera kwawo ataona kulemera kokhakokha. Sabata yonse ndinkamva tiana ta m'komboni tikuitanana dzina la bosi uja pampira. Kuyambira pamenepo sindiyamba ndisanatchaje batire, kapena kubwereka jenereta kwa mnzanga wometa tsitsi.

Filimu ikayamba, musakhale kumbuyo. Ikani mpando wanu kutsogolo cham'mbali, kuti muziona nkhope. Filimuyo munaiona kale, lero mwabwera kudzaonera anthu.

Mudzaona kuti likhweru limalira pamene akuwerenga ndalama patebulo. Mfuti ikalira, anyamata amadzuka pabenchi. Mayi wa m'filimu akapeza kuti mwana wake wagulitsa wailesi ya m'nyumba, atsikana amangoti zii, ena n'kuyang'ana pansi, chifukwa zoterezi anaziona kwa achimwene awo. Koma anthu awiri ndiwo muwasunge m'mutu. Woyamba ndi uja amafotokozera anzake mmene katundu amamangidwira m'timapepala filimu isanaonetse n'komwe. Wachiwiri ndi uja saseka pamene onse akuseka. Musawaloze chala, musawatchule dzina pagulu. Mukatero simudzawaonanso.

Ikatha, yatsani getsi koma musayambe ulaliki. Ine ndimafunsa kuti, "Mwakonda ndani?" Onse amati bosi, ndipo sindiwatsutsa, pakuti wopanga filimu anamupatsa zovala zabwino ndi mawu okoma dala. Kenako ndimafunsa za kamnyamata kaja kamaima pakona kukhala mlonda, koimba likhweru apolisi akamabwera. Kanathera kuti? Ambiri sakumbukira. Timabwezera filimu m'mbuyo, n'kupeza kuti kanafa pakati penipeni, filimu n'kumapitirira ngati palibe chachitika. Apa ndiye ndimafunsa kuti, mwa anthu onse a m'filimumu, mwana wa m'makomboni athu a Mchini kapena Navutika wa zaka 15 angapatsidwe ntchito ya ndani? Chipinda chimazizira.

Mukafika apo, bweretsani nkhani kwathu. Za m'filimuzo ndi za crack cocaine amene anasakaza makomboni a New York ndi Los Angeles m'zaka za m'ma 1980. Ana athu akamva zimenezo amati n'zakutali, kapena amati n'za ku Chibolya ku Lusaka. Afunseni okha atchule zimene zikupezeka pano. Adzakuuzani chamba, kachasu, ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene ena amamwa botolo lonse. Akuluakulu pang'ono amakumbukira tujilijili, timasacheti ta mowa waukali, timene boma linaletsa mu 2012.

Konzekerani funso limodzi, silephera kubwera: "Koma a ankolo, si chamba anachiloleza?" Yankhani mosazungulira. Lamulo la 2021 limalola kulima chamba kwa okhawo ali ndi laisensi, pa ntchito za mankhwala akuchipatala ndi kafukufuku. Kusuta, kusunga ndi kugulitsa ukadali mlandu, ndipo a DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, amene alipo chiyambire 1989, amamanga ndithu. Ngati mungathe kuitana mmodzi wa iwo kudzalankhula, chitani, makamaka cha pa 26 June, tsiku limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi mankhwalawa. Koma abwere filimu itatha. Akakhalapo kuyambira poyamba, palibe adzaimbe likhweru, ndipo inu simudzadziwa kanthu.

Makolo auzeni pasadakhale zimene mukukaonetsa, kuopa kuti mwana angakafotokoze za mfuti zokhazokha pa nsima.

Pomaliza musathamangire kutseka chitseko. Pemphani awiri atatu akuthandizeni kusanja mabenchi, ndipo uja sanaseke akhale mmodzi wa iwo. Wanga anasanja mabenchi onse osalankhula, kenako anandifunsa ngati munthu womwa mankhwala a chifuwa aja tsiku ndi tsiku angathe kusiya. Anati akufunsira mnzake. Tinakhala pabenchi lomaliza mpaka dzuwa linalowa.