Nsanja ya supageti mu mphindi 18: ana aphunzire kuganiza ngati gulu

Aphunzitsi anzanga, ngati mukufuna ana a Sitandade 6 mpaka 8 kapena a Fomu 1 aganize ndi manja awo osati kumangokopera manotsi pa bolodi, tayesani ntchito iyi yomanga nsanja. Anaiyambitsa ndi Peter Skillman, kenako Tom Wujec anadzaitchukitsa mu 2010 pa TED, msonkhano womwe akatswiri amakambapo nkhani zosiyanasiyana. Gulu lililonse la anthu 4 limalandira timitengo 20 ta supageti yosaphika, selotepi yotalika pafupifupi mita imodzi, ulusi wotalika chimodzimodzi ndi marshmallow (switi yofewa ngati siponji) mmodzi. Ntchito yake ndi kumanga nsanja yayitali yoima payokha, marshmallow uja akhale pamwamba penipeni, zonse zitheke mu mphindi 18 basi.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti supageti ndi yodula, marshmallow tikampeza kuti kumudzi kuno. Apa ndi pomwe TALULAR ija tinaphunzira kukoleji, yophunzitsa ndi zipangizo zopezeka komwe tili, imagwira ntchito. Tengani udzu wofolera wouma bwino muudule mofanana, masentimita 25 uliwonse, ndipo mmalo mwa marshmallow umbani kampira kakang'ono ka dongo, kasapose chivindikiro cha botolo la Fanta, koma timipira tonse tikhale tofanana apo ayi mudzamva madandaulo mpaka belu.

Kalasi ikakhala ya ana 80 musaope, agaweni asanuasanu, akhale pansi mkalasi momwemo chifukwa panja mphepo igwetsa chilichonse. Malamulo anenedwe musanayambe: osamata nsanja kukhoma, osaipachika ndi ulusi kudenga, osanyema dongo lija kuti lipepuke, ndipo nthawi ikatha manja onse mmwamba, yogwiridwa ndi dzanja siwerengedwa. Muziwauza nthawi yotsala, pa mphindi 9, pa 5 ndi pa 1.

Tsono chovuta kwambiri chili kwa inu aphunzitsi, osathandiza. Mudzaona gulu likumanga chinthu choti chigwa ndithu mtima nkumakuyabwani kuti muwakonzere, zisiyeni zigwe. Inu muzingozungulira nkumafunsa kuti "ikupindikira pati?" kapena "mwayesa kale kuika dongo pamwamba?" Funso lachiwirili ndiye mwini nkhani. Wujec anaona kuti ana a mkaka amamanga nsanja zazitali kuposa akuluakulu ongomaliza kumene maphunziro a bizinesi, chifukwa akuluakuluwo amataya nthawi kukangana za pulani ndi woti atsogolere, marshmallow nkudzamuika kumapeto nthawi itatha, nsanja yonse nkuwerama mpaka pansi, pomwe anawo amamuika pamwamba kuyambira pachiyambi, ikagwa akonza, ikagwanso akonzanso.

Muyang'anenso amene wagwira zipangizo. Nthawi zambiri pamapezeka mnyamata mmodzi wakumbatira selotepi ndi udzu wonse, atsikana angokhala oonerera, izi ine zimandipweteka kwambiri. Njira yake pa mphindi 9 paja lamulani kuti amene amamata apereke selotepi kwa mnzake yemwe sanagwireko kanthu.

Nthawi ikatha yezani ndi rula kuchokera pansi kufika pa dongo, mulembe masentimita a gulu lililonse pa bolodi, zogwa mulembe 0. Musathamangire kuombera mmanja opambana, kaye gulu lililonse lifotokoze pomwe nsanja yawo inayambira kugonja. Mudzaona kuti zoima zambiri zili ndi tsinde lotakasuka komanso timakona atatu, chifukwa makona anayi ukawakankha amapendekeka koma atatu sasintha maonekedwe pokhapokha kamtengo kathyoke. Alozereni mitengo ya denga la kalasi lanulo, akumbutseni nsanja za netiweki ya foni ndi zitsulo zonyamula mawaya akuluakulu a ESCOM, monsemo muli makona atatu.

Mawa lake bwerezani ndi magulu omwewo, zipangizo zofanana, koma muwapatse mphindi 5 zojambula pulani mu kope asanagwire udzu, ndipo manambala adzulo musafufute pa bolodi kuti gulu lililonse lidziyerekeze ndi zomwe linapeza lokha.