Mmene Mungasandutsire Nyumba Yakalekale Kukhala Malo Odyera ndi Ochitirapo Zisangalalo

Munthu amene akufuna kudzutsa nyumba yakale yomwe yatsala pang'ono kusanduka bwinja ayambe wakaona Mandala House ku Blantyre. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, yomwe ankayendetsa John Moir ndi m'bale wake Frederick, ndipo dzina lakuti Mandala linachokera ku magalasi amene John ankavala. Lero pamalopa anthu amamwa khofi ndi kuona zaluso, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino, koma chimene chimakoka alendo ndi khonde lake lalikulu ndi makoma ake akale.

Musanagwetse njerwa ngakhale imodzi, funsani ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ngati nyumba yanuyo ili m'kaundula wa malo otetezedwa, pakuti lamulo la Monuments and Relics Act sililola kusintha malo otero popanda chilolezo. Mapulani anu apitenso ku khonsolo.

Ntchito yeniyeni iyambire padenga, chifukwa mdani wamkulu wa nyumba yakale ndi madzi. Mmisiri akwere m'siling'i ndi tochi, abaye thabwa lililonse ndi msomali, popeza chiswe chimadya mkati n'kusiya kunja kukuoneka kwabwinobwino. Sinthani matabwa ofumbwa okhaokha, matani malo odontha, ndipo kumbani ngalande zoti madzi a mvula azipita kutali ndi maziko.

Pamakoma m'pamene ambiri amalakwitsa. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinamangidwa ndi njerwa zofewa zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo khoma lotere limatulutsa lokha chinyezi. Mukalipaka pulasitala wa simenti ndi penti ya mafuta, chinyezicho chimatsekeredwa mkati, moti pakangopita nyengo zingapo za mvula pulasitala amayamba kulira ngati ng'oma mukamagogoda, kenako amagwa zibenthu atatenganso nkhope ya njerwa. Gwiritsani ntchito laimu ndi mchenga, ngakhale amisiri adandaule kuti zimachedwa kuuma. Kunena zoona, kupeza mmisiri wodziwa laimu masiku ano n'kovuta kuposa kupeza ndalama zomulipira, choncho muyeseni kaye pa kakhoma kakumbuyo musanamupatse nyumba yonse.

Khitchini ndi zimbudzi musaziike m'zipinda zakale. Mangani kanyumba katsopano kumbuyo, kolumikizidwa ndi kanjira kofolera, kuti utsi, nthunzi, gasi ndi mapaipi zikhale kutali ndi makomawo. Ngozi ya moto nayonso imachepa. Mawaya onse akale a magetsi achotsedwe, atsopano adutse m'siling'i m'malo mosema khoma, ndipo jenereta ikhale patali pomwe phokoso lake silifika pamatebulo.

Za maukwati ndi zinkhoswe, dziwani kuti chipinda chimene chinamangidwira banja limodzi sichingapirire khwimbi la anthu ovina pa perekaniperekani, makamaka ngati pansi pake ndi pa matabwa. Injiniya akuuzeni chiwerengero cha anthu amene chipinda chilichonse chinganyamule, ndipo musachipyole ngakhale akuchikazi ndi akuchimuna atachonderera. Mkati mukhale matebulo ochepa a odya mwakachetechete ndi timisonkhano, pomwe tenti, zokuzira mawu ndi mavinidwe zikhale pa kapinga. Mitengo ikuluikulu ya pabwalo isiyeni, ndipo malo oimika magalimoto muwathire miyala ing'onoing'ono m'malo mwa konkire kuti mizu izilandirabe madzi.