Kuyamba kiteboarding ku Paje, Zanzibar

Kiteboarding ndi masewera oyenda pamadzi mutaima pa bolodi, kaiti yaikulu ikukukokani ndi mphamvu ya mphepo. Ngati mwasamukira ku Zanzibar ndipo makaiti ouluka pagombe la Paje akukukopani, musathamangire kugula zida. Yambani ndi mphunzitsi amene ali ndi satifiketi ya IKO, bungwe la padziko lonse la masewerawa. Masiku oyamba mudzathera pamchenga ndi m'madzi osaya, kuphunzira kuwongolera kaiti ndi kuimasula msanga ikayamba kukukokani mwamphamvu. Luso lomasulali ndi limene lingapulumutse moyo wanu. Bolodi idikire kaye.

Mphepo yabwino imabwera kawiri pachaka. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa kuyambira Disembala mpaka cha m'Febuluwale. Kusi imachokera kum'mwera chakum'mawa kuyambira Juni mpaka Seputembala, nthawi yomwe mwera umavutitsa asodzi pa nyanja ya Malawi, ndipo kawirikawiri ndiyo yamphamvuko.

Muzidziwiratu nthawi imene nyanja iphwe ndi kudzaza, chifukwa ku Paje madzi amathawira kutali zedi. Valani nsapato za m'madzi, pansi pamakhala tizilombo taminga. Komanso talikirani minda ya ndere ya amayi a m'mudzimo: zikhomo zake zimang'amba kaiti ndi mapazi omwe, nanga ndi pomwe eni ake amapezera chakudya.

Kaiti yanuyanu mudzagule mphunzitsi atakuuzani saizi yogwirizana ndi kulemera kwanu.