Nyali za mabuleki zikasiya kuyaka: momwe mungalondolere vuto musanadule waya

Amene anadutsapo pa Chikangawa m'mamawa mwezi wa June akuchidziwa chifunga cha kumeneko. Galimoto ya patsogolo suiona, umangoona timaso tiwiri tofiira mwini wake akaponda mabuleki. Tsiku lina timaso ta Altezza yanga tinatsinzina ine osadziwa, kumbuyo kuli thanki ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam. Dalaivala wake atandipeza pamalo oima anatsitsa galasi n'kukuwa kuti, "Achimwene, kumbuyoku kulibe moto! Mufuna ndikukwereni?" Ndinabwerera ku Mzuzu ma hazadi ali phethiphethi njira yonse.

Galimoto zothamangazi, kaya ndi Subaru WRX, Celica, MR-S kapena Fairlady Z, zambiri zinalowa pa Songwe zitatumikira kale zaka ku Japan. Mawaya ake ndi okalamba, ndiye mukaphatikiza chinyezi cha kuno, mahampu amene galimoto yotsika imakhula mimba tsiku ndi tsiku, komanso manja a aliyense amene anaikamo alamu kapena amplifier, vuto silichedwa. Koma njira ya magetsi a mabuleki ndi yaifupi. Moto umachoka ku batire, kudutsa pa fyuzi, kufika pa switchi ili pamwamba pa chopondera mabuleki, n'kuyenda mpaka ku mababu a kumbuyo, kenako kubwerera kudzera m'chitsulo cha galimoto, chimene amakaniko amati earth. Ntchito yanu ndi kuulondola motowo kufikira pomwe wathera.

Mufunika tesita ya babu, ija yooneka ngati sikuludiraiva yokhala ndi waya ndi kopanira, sipanala ya 10, sandipepa, tochi, kachidutswa ka waya ndi mafyuzi awiri atatu. Multimeter, mita yoyezera magetsi, ikhalepo ngati muli nayo. Ngati mulibe mnzanu wopondera mabuleki, tengani ndodo muipanikize pakati pa mpando ndi chopondera. Galimoto zambiri za ku Japan nyali zake za mabuleki zimayaka ngakhale kiyi ali m'thumba.

Yambani mwayang'ana

Imani kumbuyo, mabuleki atapondedwa, muwerenge nyali: ya kumanzere, ya kumanja, ndi yachitatu ija ya pamwamba, imene pa galimoto zotere imakhala pa spoiler, phiko lija la kumbuyo, kapena pa chitseko cha buti. Apa pokha mwadula ntchito pakati. Ngati zonse zitatu zafa, pitani kutsogolo, ku fyuzi ndi switchi. Ngati yachitatu ikuyaka koma ziwiri zam'munsi ayi, fyuzi ndi switchi zilibe mlandu, vuto lili kumbuyo. Ngati yafa imodzi, ndi babu, soketi yake kapena earth ya mbali imeneyo. Ndipo ngati galimoto ndi ya otomatiki, giya n'kumakana kuchoka pa P, ameneyo ndi mboni wachiwiri woti switchi kapena fyuzi yafa, poti loko wa giya amadikira uthenga wochokera ku switchi yomweyo.

Fyuzi

Kabokosi kake kamakhala pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala, pena mu injini. Funani yolembedwa STOP, ngakhale pa zivundikiro zina mudzapeza zilembo za Chijapani zokhazokha. Nthawi zambiri imakhala ya 10A, yofiira, kapena 15A, yabuluu. Panitsani tesita pachitsulo chosapentedwa, mukhudze timitu tiwiri tachitsulo pamsana pa fyuziyo. Ikayaka konsekonse, ili bwino. Ikayaka mbali imodzi, yapsa.

Mukaika yatsopano, onetsetsani nthawi imene ikupsera. Ikaphulika pompo musanaponde kanthu, shoti ili pakati pa fyuzi ndi switchi. Ikadikira mpaka mutaponda, shoti ili panjira yopita kumbuyo. Chonde musaike ya 30A, musakulungemo kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya. Mababu awiri a 21W pa magetsi a 12V amakoka pafupifupi 3.5A basi. Fyuzi ya 10A ikamapsa ndiye kuti pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo, ndipo mukaichotsa pantchito yake, chopsa chotsatira ndi mtolo wonse wa mawaya pansi pa kapeti.

Switchi, kumene msana umawawa

Galimoto zothamanga anazipanga ngati kuti mwini wake sadzawerama. Kankhirani mpando kumbuyo mpaka pothera, yalani chiguduli pansi, mugone chagada mutu pafupi ndi zopondera. Tsatani mkono wa chopondera mabuleki m'mwamba, mudzaona kaswitchi kokhala ndi kamutu kolowa ndi kutuluka. Pa galimoto ya manyuwo samalani, kilachi nayo ili ndi switchi yofanana pambali pomwepo, ndipo ambiri amathera ola lathunthu akuyeza yolakwika.

Waya mmodzi ayenera kukhala ndi moto nthawi zonse. Winayo alandire moto pokhapokha mwaponda. Ngati woyambayo alibe moto pamene fyuzi ili bwino, waya waduka pakati pawo. Ngati moto ukulowa koma osatuluka, zulani pulagi mulumikize mabowo awiriwo ndi kachidutswa ka waya. Nyali zikayaka, switchi yatha, kaguleni ina mutanyamula yakaleyo m'manja. Pulagi ikakhala ya mawaya anayi, awiri enawo amapita ku kompyuta ya galimoto, ndiye osalumikiza mwachimbulimbuli. Yambani mwapeza ndi tesita awiri a nyali.

Pali kachinthu kena kamene kamapusitsa anthu. Pa mkono wa chopondera pamakhala kalabala kakang'ono kokankha mutu wa switchi. Kakakalamba kamafumbutuka, ndipo mudzapeza tizidutswa take pa mati ngati nyenyeswa za bisiketi. Zikatero nyali sizizima, usiku wonse zili ngwee, m'mawa batire lagona. Ena amathamangira kugula batire latsopano ku Luwinga, ku Mzuzu konkuno, chifukwa cha kalabala kameneka. Tsekani bowo limene munali kalabalako ndi kabawuti ndi nati, kapena matanipo kandalama kachitsulo, kufikira mutapeza kenikeni.

Kumbuyo: mababu, masoketi ndi earth

Chotsani kapeti wa mu buti mufike kuseri kwa nyali. Babu la mabuleki pa zambiri limakhala la nyambo ziwiri, tiwaya tija timawala m'kati mwa babu, 21/5W. Nyambo ya 5W ndi ya paking'i, ya 21W ndiyo ya mabuleki. N'chifukwa chake nyali imatha kuoneka yamoyo usiku pamene ya mabuleki inaduka kale. Sinthanitsani babu la kumanzere ndi la kumanja. Vuto likasamuka ndi babu, mwalipeza. Yang'aniraninso ngati wina sanakakamizemo babu la nyambo imodzi m'soketi ya ziwiri, chifukwa limalumikiza njira ziwirizo, mukaponda mabuleki n'kuona magetsi a pa dashibodi akuyaka.

Tsopano earth. Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse, chifukwa kuno ku Mzuzu, komwe mvula imawaza mpaka nyengo yozizira, ndiye mbava yaikulu. Earth ikachita dzimbiri, moto sungoima. Umafuna njira ina yobwererera, ndipo umadzera m'mababu oyandikana nawo. Mukaponda mabuleki, indiketa imayamba kunyezimira mofooka. Mukayatsa indiketa, nyali ya mabuleki imaphethira nayo limodzi. Kapena masana zonse zili bwino, koma mukangoyatsa magetsi a usiku n'kuponda, mbali imodzi imazimiratu. Munthu amaganiza kuti galimoto yalodzedwa, pamene ndi bawuti imodzi yadzimbiri.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mabuleki ali opondedwa, gwiritsani mbali imodzi ya kachidutswa ka waya pa earth ya soketi, mbali inayo pachitsulo choyera cha bodi. Pa Toyota zambiri waya wa earth ndi woyera wa mzere wakuda. Nyali ikawala bwino nthawi yomweyo, londolani wayayo kufikira pomwe anamumangira ndi bawuti, masulani, khulani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani molimba, mupake girisi pang'ono pamwamba. Amene ali ndi multimeter ayeze pakati pa earth ya soketi ndi bodi nyali ikuyaka. Ikaonetsa kupitirira 0.2V, pamenepo pakutayika moto.

Ngati moto sukufika n'komwe ku soketi, waya waduka panjira. Osayamba kung'amba galimoto yonse. Waya amaduka pomwe amapindika, pomwe amatentha, ndi pomwe munthu anamugwirapo. Kokerani pambali kalabala kokhala ngati mpope pa hinji ya buti. Mawaya a nyali yachitatu amadutsa m'menemo ndipo amapindika nthawi iliyonse mukatsegula. Nthawi zina chikopa chimaoneka chabwinobwino pamene kopa wam'kati anaduka, ndiye kokani mmodzimmodzi pang'onopang'ono, wodukayo amatanuka ngati legeni. Onani pafupi ndi ekizozi, makamaka ngati munaika yaikulu yaphokoso ija. Pa MR-S, imene injini yake ili kuseri kwa mipando, kutentha kumaumitsa mawaya a kumbuyo mpaka kumathetheka. Kenako funani paliponse pali chotupa cha tepi yakuda. Pamenepo wina anaba moto wa kamera kapena alamu, n'kungopota ndi zala.

Kulumikiza

Zulani nthambo ya negetivi pa batire musanadule kanthu. Kumbukirani kuti mawailesi ena a ku Japan akasowa moto amadzuka akufuna kodi kapena khadi lake, ndiye dziwiranitu za wailesi yanu. Gulani waya wa galimoto wa tinsinga tambiri, wonenepa mofanana ndi wakaleyo. Wa sipika ayi, wa m'nyumba wa nsinga imodzi uja ayi, amathyoka ndi kugwedezeka. Lowetsani kaye heat shrink, kapaipi kapulasitiki kamene kamafota kakatenthedwa, potani mawaya, wotcherani ndi solder, mtovu wolumikizira mawaya, kenako phimbani mfundoyo ndi kapaipiko. Pa hinji musalumikizire popindikira penipeni. Chotsani chigawo chonsecho kuti mfundo ziwirizo zikhale mbali iyi ndi iyo, pamalo osasuntha.

Mukamaliza bwezerani batire, panikizani ndodo ija, muyatse magetsi a usiku, kenako indiketa iliyonse, kenako ma hazadi. Tsegulani ndi kutseka buti kangapo, gwedezani mtolo wa mawaya ndi dzanja, maso ali pa nyali. Ikaphethira ngakhale kamodzi, simunathe.

Ya ine ija sinali fyuzi, sinali switchi. Labala wa kuseri kwa nyali ya kumanja anauma, madzi n'kumadonthera pa pulagi yoyera kuseri kwa kapeti. Nditaizula, mapini ake anali obiriwira ngati ndere, limodzi linatsalira m'dzanja langa. Pansi pa tayala la sipeya panali madzi okwana kusambitsa mwana. Ndinasintha pulagi, n'kumata nyaliyo ndi silikoni, ndipo masiku ano mvula ikagwa usiku ndimayamba ndapisa dzanja pansi pa kapeti ndisanalize injini.