Mmene Mungapangire Circuit Yolamulira Ma Solenoid Ambiri ndi Pulogalamu

Solenoid ndi koyilo ya waya wakopa yokhala ndi bowo pakati, ndipo m'bowomo mumakhala kachitsulo kamene kamakokedwa ndi mphamvu ya maginito magetsi akangolowa m'koyiloyo. Ndi imene imatsegula mavalavu a madzi kapena a mpweya, komanso maloko oyendera magetsi. Anthu ambiri akafuna kuyendetsa ma solenoid 8 ndi bolodi ngati Arduino Uno amathamangira kulemba pulogalamu, chonsecho ntchito yaikulu ili pa kuteteza bolodiyo ku magetsi ochuluka amene ma solenoid amakoka, ndiponso ku magetsi amene amabweza pozima.

Musanagule chilichonse, yezani solenoid yanu ndi multimeter kuti mudziwe ma ohm ake, kenako mugawe ma volt ndi ma ohm amenewo. Solenoid ya 12V yokhala ndi 24 ohm imakoka 0.5A, choncho 8 zikayaka pamodzi zimafuna 4A, ndipo ndi bwino kugula power supply ya 6A kuti isamagwire ntchito pa malire a mphamvu yake. Pini imodzi ya Arduino Uno imatulutsa 5V ndipo siyenera kupitirira 20mA, kutanthauza kuti solenoid imodzi yokha ikufuna magetsi ochuluka maulendo 25 kuposa amene piniyo ingapereke. N'chifukwa chake pini simalumikizidwa mwachindunji ku solenoid. Ntchito yake ndi kungolamula swichi.

Swichi imene ndimaikhulupirira ndi MOSFET ya mtundu wa N-channel, kachipangizo ka miyendo itatu (gate, drain ndi source) kamene kamayatsidwa ndi magetsi ochepa a pa gate, imodzi pa solenoid iliyonse. Waya umodzi wa solenoid upite ku +12V, winawo upite ku mwendo wa drain, ndipo mwendo wa source upite ku GND, imene ndi mbali ya negative (0V) ya magetsi. Pakati pa pini ya Arduino ndi mwendo wa gate ikanipo resistor ya 220 ohm, ndipo pakati pa gate ndi GND ikanipo ina ya 10k, imene imaonetsetsa kuti MOSFET ikhale yozima pa nthawi imene bolodi ikungoyaka kumene, pulogalamu isanayambe kulamula mapini. Sankhani MOSFET yotchedwa logic-level, monga IRLZ44N, imene imatseguka mokwanira, kutanthauza kulola magetsi kudutsa, ndi 5V. IRF540 imafanana nayo maonekedwe, koma inapangidwa kuti izilandira pafupifupi 10V pa gate, ndipo mukaipatsa 5V imatseguka mwatheka, n'kumatentha popanda chifukwa.

Tsopano tifike pa diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kamene anthu amakaiwala kawirikawiri chifukwa circuit imaoneka ngati ikuyenda bwino ngakhale kalibe. Koyilo ikayaka imasunga mphamvu m'maginito ake, ndipo MOSFET ikadula magetsi mwadzidzidzi, mphamvu imeneyo imafunafuna potulukira, moti ma volt a pa drain amalumpha kufika patali kwambiri kuposa 12V. IRLZ44N imapirira 55V basi. Ikhoza kulimba masiku angapo, koma tsiku lina imapsa n'kukhala yotseguka mpaka kalekale, ndipo solenoid imayaka osazimanso, zimene n'zoopsa ngati ikutsegula madzi. Ikani diode ya 1N4007 pakati pa mawaya awiri a solenoid iliyonse, mbali yokhala ndi kamzere iloze ku +12V, ndipo muiwotcherere pafupi ndi solenoid momwe mungathere. Yang'anani kamzereko kawiri musanayatse, pakuti diode yotembenuzidwa imapanga shoti MOSFET ikangotseguka. Dziwaninso kuti diode imachedwetsa pang'ono kubwerera kwa kachitsulo kaja. Ngati makina anu akufuna kuti kazibwerera msanga, onjezerani Zener diode motsatana ndi 1N4007, koma muonetsetse kuti ma volt ake mukawaphatikiza ndi 12V asafike pa malire a MOSFET.

Kwa ma solenoid ang'onoang'ono pali chip yotchedwa ULN2803A, imene ili ndi maswichi 8 pamodzi ndi ma diode ake mkati, bola mulumikize pini ya COM ku +12V. Njira iliyonse inalembedwa kuti imanyamula 500mA, koma chiwerengerochi sichitanthauza kuti zonse 8 zinganyamule zotere nthawi imodzi. Ndinaotchapo imodzi mwa njira imeneyi: ndinayatsa ma solenoid 6 a 0.5A pamodzi, ndipo patapita mphindi zochepa ndinamva fungo la pulasitiki yopsa, pamwamba pake patatupa kachotupa. Kuyambira pamenepo, solenoid ikamakoka kupitirira 200mA ndimagwiritsa ntchito MOSFET.

Arduino Uno ili ndi mapini a digital 14, koma 0 ndi 1 ndi amene amalankhulana ndi kompyuta, choncho otsala ndi 12. Ngati ma solenoid achuluka kuposa pamenepa, gwiritsani ntchito chip yotchedwa 74HC595, imene imatenga mapini 3 okha n'kutulutsa njira 8, ndipo mungazilumikize motsatana kuti mupeze 16 kapena 24 popanda kuonjezera pini. Mwendo wake wa OE, umene umaloleza kapena kuletsa njira zotulukazo, muulumikize ku pini ina ya Arduino ndipo muukokere ku 5V ndi resistor ya 10k, kuti njira zonse zikhale zozima kufikira pulogalamu itaziyeretsa n'kutsitsa mwendowo.

GND ya Arduino ndi GND ya power supply ziyenera kukumana, apo ayi gate sidzamva lamulo, koma zikumane pamalo amodzi pafupi ndi power supply, kuti magetsi a ma solenoid asadutse pa bolodi. Gwiritsani ntchito waya wonenepa pa 12V, ikani fyuzi ya 5A, capacitor ya 1000µF pafupi ndi ma MOSFET, ndi ina ya 100nF pambali pa 74HC595 iliyonse. Mukaona Arduino ikuyambiranso yokha nthawi iliyonse solenoid ikagunda, nthawi zambiri vuto limakhala pa mawaya amenewa, osati m'pulogalamu.

M'pulogalamu pewani lamulo lodikira la delay(), chifukwa imaimitsa zonse ndipo simungazimitse solenoid yachitatu pamene mukudikira yoyamba. Sungani nthawi yoyatsira ndi utali wa nthawi ya solenoid iliyonse, n'kumazifananiza ndi millis(), imene imawerenga nthawi imene yapita chiyambire pulogalamu. Musaziyatse zonse kamodzin'kamodzi. Zisiyanitseni ndi 20ms kuti power supply isadzidzimuke. Ma solenoid ambiri okoka ndi okankha sanapangidwe kuti aziyaka nthawi yaitali, choncho lembani malire a nthawi amene pulogalamu idzazimitsa yokha ngakhale lamulo lozimitsa litapanda kufika. Ndipo popeza kachitsulo kamafuna mphamvu yambiri pokokedwa kusiyana ndi pogwiridwa, mungapereke magetsi onse kwa 100ms, kenako n'kuwachepetsa ndi PWM, njira yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri, imene pa Uno imapezeka pa mapini 3, 5, 6, 9, 10 ndi 11.

Poyesa, yambani ndi ma LED okhala ndi ma resistor m'malo mwa ma solenoid, kuti muone ndi maso ngati akuyaka motsatana monga munalembera. Mukakhutira, lumikizani solenoid imodzi, iyendetseni kwa mphindi 10, muzimitse magetsi, ndipo mukhudze MOSFET ndi koyilo. MOSFET iyenera kukhala yozizira kapena yofunda pang'ono chabe, ndipo ikatero muonjezere solenoid yachiwiri, mukuyang'ana pa multimeter ngati 12V ikutsika pamene zikugunda.