Kusankha mchenga wa thanki ya makorali ndi nsomba za m'madzi amchere

Mwafunsa ngati mchenga wa mumtsinje wa Lutembwe ungagwire ntchito. Ayi. Umabwera ndi matope, dzimbiri ndi feteleza wa m'madimba, zomwe zimadwalitsa makorali (zamoyo za m'nyanja zamchere, zambiri zooneka ngati miyala).

Konzani izi: mchenga wa aragonite (mchenga woyera wa m'nyanja zamchere), viniga, ndowa yoyera, madzi a RO (osefedwa ndi makina a reverse osmosis, ochotsa mchere ndi zoipa zina).

1. Uyeseni. Donthezani viniga pa kamchenga pang'ono. Aragonite imachita thovu chifukwa ndi calcium carbonate. Wa mumtsinje umangokhala chete.

2. Sankhani wa timibulu ta 1 mpaka 2 mm. Wosalala ngati ufa umauluzika ndi pampu n'kukwirira makorali.

3. Wouma muutsuke mpaka madzi ayere, kenako mutsukuluze ndi a RO. Wa "live sand" (wogulitsidwa wonyowa, wokhala ndi mabakiteriya othandiza) musautsuke, mungaphe mabakiteriya ake.

4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: miyala yoikapo makorali iyambe kukhala pansi penipeni pa thanki, mchenga ubwere pambuyo. Mukaisanja pamwamba pa mchenga, nsomba zokumba zimafukula pansi, miyala n'kugwa n'kuswa galasi.

5. Yalani masentimita 2 mpaka 5 basi. Kuno ku Chipata magetsi amazimazima, ndipo mchenga wozama ukasowa mpweya umatulutsa fungo la mazira owola lomwe limapha nsomba.