Kudzutsa injini ya sitima yachidole ya Lionel yomwe yagona zaka

Mwafunsa za injini ya Lionel (kampani ya ku America yopanga sitima zachidole) ya m'ma 1950 yomwe yakhalitsa m'bokosi, ndipo ikungolira osayenda.

Ichotseni kaye panjanji. Yang'anani chingwe cha transifoma, kabokosi kochepetsa mphamvu ya magetsi opita kunjanji: ngati mphira wake wauma n'kung'aluka, chisintheni, chifukwa ndicho chimalowa kumagetsi a kukhoma. Kenako masulani masikuluwu, vulani chigoba cha injiniyo, jambulani mawaya ndi foni musanagwire kanthu.

Kawirikawiri vuto limakhala girisi wakale wouma gwa pamagiya. Mupaleni ndi kamtengo kosongola, pukutani ndi thonje loviika mu isopropyl alcohol. Ndiye mota. Tulutsani mabulashi awiri a kaboni (tizidutswa topereka magetsi m'kati mwa mota) mosamala, poti timasipuling'i take sitichedwa kuthawa. Pansi pake pali commutator, kambale kamkuwa kogawika patatu. Kapukuteni mpaka kawale, muchotsenso zakuda m'timipata take. Ngati mabulashi aperepeseka, atsopano akugulitsidwabe.

Sitima zimenezi zimayendera magetsi a AC panjanji zitatu, choncho yeretsaninso timawilo tapansi togunda njanji yapakati. Steel wool ayi ndithu: injini zambiri za nthawiyo zili ndi maginito kumawilo, ndipo tizidutswa take timakamatirira. Ikapitiriza kungolira, onani E-unit, kachipangizo kosinthira kutsogolo ndi kumbuyo. Kachitsulo kake kayenera kukwera ndi kutsika momasuka, ndipo sikafuna mafuta.

Pomaliza, dontho limodzi la mafuta opepuka pa ekiselo iliyonse, girisi pang'ono pamagiya, n'kuyesa ndi magetsi ochepa. Penti wake musamukhudze. Injini yopentedwanso imatsika mtengo, ndiye ingoipukutani ndi kansalu kofewa.